Altezza yanu ikamayandama pamakona, yambirani pansi osati pa ma coilover

Pali funso lomwe limandipeza pafupipafupi kuchokera kwa anyamata omwe angogula kumene Altezza, funso lake ndi lakuti akulu ndiike ma coilover ati kuti galimotoyi izigwira msewu, ndipo ine yankho langa silisintha, dikirani kaye tiione pansi. Ma coilover ndi ma shock obwera ndi sipuling'i yake, omwe mumatha kukwezera kapena kutsitsira galimoto. Galimoto imeneyi Toyota inayamba kuipanga mu 1998 n'kusiya mu 2005, ndiye ngakhale yomaliza kutuluka mu fakitale ili ndi zaka ngati 20, yayenda ku Japan, yakwera sitima, yatsika pa Dar es Salaam kapena pa Durban, kenako yakhala ikumenya maenje ndi mahampu athu kuno zaka zingapo. Kuyandama komwe mukumva pakona nthawi zambiri si kuti inapangidwa choncho ayi, ndi zinthu zomwe zinatha kalekale koma palibe anazisintha.

Ndikunena izi chifukwa kunsi kwa Altezza kunabadwa kwabwino kale. Ili ndi double wishbone, kutanthauza ma arm apamwamba ndi apansi ogwira tayala lililonse, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, injini ili kutsogolo koma mphamvu imapita ku matayala akumbuyo, ndipo ku Japan inatenga mphoto ya Car of the Year ya 1998-1999. Injiniya wamkulu wake anali Nobuaki Katayama, yemwe anagwiraponso ntchito pa galimoto zina za Toyota zotchuka pothamanga, AE86 ndi Supra, iye ndi anzake ankadziwa chomwe akuchita. Kaya yanu ndi RS200 ya injini ya 3S-GE ija kapena AS200 ya 1G-FE ya masilinda 6, zomwe ndilembe pano zikukhudza zonse. Komanso dziwani kuti galimoto yomweyi ku UK ndi ku South Africa inagulitsidwa ngati Lexus IS200, ku America ngati IS300, ndiye mukamatuma m'bale wa ku Joni kuti akupezereni masipeyala musamuuze kuti Altezza, muuzeni IS200, apeza msanga, koma mumutumizirenso chassis number kuti afananitse.

Ntchito yoyamba ndi kuikweza n'kuigwedeza

Pezani malo a simenti athyathyathya, ikani miyala kapena matabwa ku matayala otsala pansi, kwezani ndi jeke kenako muikhazike pa ma stand. Chonde abale musalowe pansi pa galimoto yomwe yangodalira jeke kapena njerwa, njerwa imaphwanyika osachenjeza ndipo galimotoyi imalemera pafupifupi makilo 1,350.

Gwirani tayala pamwamba ndi pansi, ligwedezeni mwamphamvu, kenako gwirani kumanzere ndi kumanja mugwedezenso. Likamasewera kumanzere ndi kumanja nthawi zambiri ndi tie rod end kapena rack end, zolumikiza chiwongolero ku tayala, likamasewera pamwamba ndi pansi ndi bearing kapena ball joint, mfundo yolumikiza arm ku mbali ya tayala. Koma pa Altezza pali kanthu kena komwe amakaniko ambiri amaphonya, ball joint yapansi yakutsogolo ndi yomwe imasenza kulemera kwa galimoto chifukwa shock ndi sipuling'i zimakhala pa control arm yapansi, ndiye galimoto ikalendewera pa stand sipuling'i ija imakankhabe n'kuimanga ball joint mwakuti ngakhale yatha imaoneka ngati ili bhobho. Kuti muione bwino ikani jeke pansi pa control arm pafupi ndi tayala, kwezani pang'ono mpaka arm itenge kulemera, kenako lowetsani chitsulo chachitali pansi pa tayala n'kumanyamula uku mnzanu akuyang'ana joint ndi tochi. Ikangosewera ngakhale pang'ono, kapena labala yake yang'ambika girisi n'kutuluka, basi yatha imeneyo.

Apa ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi pomwe pali moyo wanu. Ball joint yapansi ya galimoto zimenezi ikamasuka sikuti imangolira n'kukupatsani mwezi woganiza, imazuka, tayala n'kupindikira mkati mwa madigadi galimoto n'kugwa chamutu pamsewu. Ine ndinaionapo ina itagwada choncho pafupi ndi raundabauti m'tauni, mwayi wake inali pa liwiro lochepa, koma ndinangoganiza kuti zikanachitika pa M1 ali pa 100 bwenzi tikukamba zina. Ndiye ngati simukudziwa kuti zanu zinasinthidwa liti, sinthani zonse ziwiri musanagule chilichonse chokongoletsa. Gulani za Toyota zenizeni kapena za 555 zochokera ku Japan, ndipo samalani chifukwa zabodza za m'mabokosi ofanana zilipo zambiri pamsika, mtengo ukatsika kwambiri mpaka kukudabwitsani isiyeni. Mabawuti omangira joint ija ku hub ngati n'kotheka ikani atsopano, ndipo amangidwe ndi torque wrench osati kungoponda sipanala ndi phazi.

Mukadali pansipo yang'ananinso ngati pali chitsulo chopindika, control arm yomwe inawotcheredwapo, kapena dzimbiri pa subframe makamaka ngati galimotoyo inachokera kumpoto kwa Japan komwe amathira mchere pamsewu nthawi ya chisanu. Arm yowotcherera itayeni, sikhala yowongoka ndipo alayimenti sidzakhala.

Kenako mabushi

Mabushi ndi timalabala tija tokhala pomwe ma arm amalumikizana ndi thupi la galimoto, ndipo kunena zoona theka la kuyandama konse kumachokera pamenepa. Labala ikakalamba imauma, imang'ambika, ndiye mukakhota tayala limayamba lasuntha lokha kaye kenako galimoto n'kutsatira, n'chifukwa chake mumamva ngati chiwongolero chikuchedwa kuyankha. Tengani chitsulo chopanira muzikankha arm iliyonse pafupi ndi bushi, yabwino imalimba n'kubwerera, yakutha imasuntha ngati ili pa phala.

Yoyamba kuiyang'ana ndi bushi yaikulu ya pa arm yachiwiri yakutsogolo, ena amaitcha caster arm, imeneyi ndi yomwe imalandira nkhonya yonse mukaponda buleki kapena kugwera m'dzenje. Ikatha, chiwongolero chimanjenjemera kapena kukokera mbali mukamabuleka ndipo matayala akutsogolo amadyeka mkati pomwe kunja akuoneka atsopano, anthu ambiri amathamangira kukapanga alayimenti katatu konse osadziwa kuti vuto ndi labala ya ndalama zochepa poyerekeza ndi matayala omwe akutayawo.

Tsopano funso ndi lakuti muike a labala kapena a polyurethane, awa a SuperPro kapena Whiteline. Maganizo anga ndi awa, polyurethane ikani pa caster arm ija ndi pa mabushi ogwira sway bar, chitsulo chochepetsa kupendama pakona, kwina konseko labala yatsopano yabwino ndi yokwanira pa galimoto yoyendera tsiku ndi tsiku. Polyurethane ndi yolimba, chiwongolero chimakhala chakuthwa zedi, koma imadutsitsa kugunda kwa msewu mpaka mumpando ndipo imafuna girisi wake wapadera amene amabwera m'paketimo, ndiye ndi fumbi lathu la mu Okutobala ukapanda kuisamala imayamba kulira kwii kwii pa hampu iliyonse. Mukaika polyurethane paliponse galimoto imakhala ngati ngolo, mayi akunyumba akana kukwera.

Pochotsa mabushi akale pitani komwe ali ndi press. Ndikudziwa kuti amisiri ena amangoyatsa moto kuti labala ipse ituluke, koma moto wambiri pa arm si wabwino ndipo kumenya ndi hamala kumapinda kamwa la arm bushi yatsopano n'kukhala yolowa mokhota. Ndipo nachi chinthu chomwe ndikupempha muchigwire ndi manja awiri, mabawuti a mabushi a labala asamangidwe komaliza galimoto ili m'mwamba. Amangeni pang'ono, tsitsani galimoto ikhale pa matayala ake kapena kwezani arm ndi jeke mpaka ifike pomwe imakhala galimoto ikaima, ndiye mumange mwamphamvu. Mukamanga ili lende, mukaitsitsa labala ija imakhala yopotoka nthawi zonse ndipo pakangotha miyezi yochepa yang'ambika, inu n'kumati ndinagula feki pomwe vuto linali kamangidwe.

Ma drop link a sway bar, tie rod end, rack end, zonse zomwe munazipeza zikusewera sinthani nthawi yomweyi kuti mulipire alayimenti kamodzi. Kumbuyo yang'ananinso mabushi a diff ndi a subframe, ngati mumamva kuti gu mukamasiya kapena kuponda mafuta ndi amenewo.

Matayala, musanafike ku ma shock

Anthu amadabwa ndikaika matayala patsogolo pa ma shock koma chomwe chimakhudza msewu ndi tayala basi, kachigawo kokula ngati chikhatho pa tayala lililonse. Choyamba werengani m'mbali mwa matayala anu, mukaona mawu akuti studless kapena mayina ngati Blizzak, iceGUARD, Winter Maxx, amenewo ndi matayala a nthawi ya chipale ku Japan, galimoto zambiri za ex-Japan zimabwera nawo ndipo pamsika wa matayala akaunjika ali mbwee chifukwa mapazi ake amaoneka akuya. Labala yake ndi yofewa dala kuti igwire pa ayezi, pa tara wotentha wa ku Chikwawa kapena ku Salima imakhala ngati siponji, galimoto imavina pakona ndipo buleki imatalika. Palibe coilover yomwe ingakonze zimenezo.

Chachiwiri yang'anani zaka za tayala. Pafupi ndi mawu akuti DOT pamakhala manambala anayi, mwachitsanzo 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 chaka cha 2019. Tayala lodutsa zaka 6 ngakhale mapazi alipo labala yake imakhala itayamba kuuma, pamvula limatsetsereka.

Saizi zomwe zimapezeka kwambiri pa Altezza ndi 215/45R17 ndi 205/55R16, mabowo a rimu ndi 5x114.3. Tawerengani nokha, khoma la tayala la 215/45 ndi pafupifupi 97 mm pomwe la 205/55 ndi pafupifupi 113 mm, ndipo mukapita pa 18 ndi 225/40 mwatsala ndi 90 mm yokha pakati pa rimu ndi mkamwa mwa dzenje. Ine kwa munthu woyenda Lilongwe-Blantyre kawirikawiri ndimati 17 ndiye malire, ndipo 16 yokhala ndi tayala labwino si yochititsa manyazi, bola muyese kaye ngati rimuyo ikudutsa caliper chifukwa zina zinabwera ndi mabuleki aakulu kutsogolo. Ma 18 ndi okongola pa chithunzi koma rimu yopindika imabweretsa kunjenjemera komwe simudzakuthetsa. Matayala anayi akhale a mtundu umodzi, zikavuta awiri a ekiselo imodzi afanane, ndipo pa galimoto yokankha ndi kumbuyo ngati iyi musaike otha kumbuyo. Mpweya tsatirani pepala lomwe lili pa khomo la dalaivala, muziyeza m'mawa matayala asanatenthe, manati a matayala ndi 103 Nm.

Mukafika apa, imani kaye. Pangani alayimenti muyende nayo sabata kapena awiri. Ambiri amapeza kuti galimoto yasintha kale moti ma coilover aja sakuwafunanso, ndalama n'kupita ku zina.

Ma shock

Kuyesa kokankha galimoto pakona n'kuona ngati ikudumphadumpha kumangogwira shock yomwe inaferatu, yofooka siioneka choncho. Yang'anani ngati pali mafuta otsikira pa thupi la shock, ngati matayala adyeka mwa mabandemabande, ndipo pamsewu mverani ngati mukadutsa pa mlatho kapena potsika pang'ono galimoto imapitiriza kuvina kawiri katatu isanakhazikike. Ngati ma shock ndi omwe inabwera nawo kuchokera ku Japan musavutike n'kuyesa, atopa.

Kwa amene akufuna galimoto ibwerere momwe inalili, KYB Excel-G ndi yokwanira ndipo imapezeka. Amene akufuna kulimba pang'ono ayang'ane ma shock a monotube ngati a Bilstein, amenewa satopa msanga ndi kutentha pa msewu wa mabampu ataliatali. Pa Bilstein dziwani kuti B6 amaipangira masipuling'i a msinkhu wa fakitale pomwe B8 ndi ya masipuling'i afupi, musasokoneze. Sinthani awiriawiri, akutsogolo onse kapena akumbuyo onse, shock yatsopano mbali imodzi yakale mbali ina imapangitsa galimoto kukhota mosiyana kumanja ndi kumanzere. Nthawi yomweyo sinthani top mount (chomangira shock pamwamba), bump stop (labala yoletsa shock kugunda kumapeto) ndi kalabala kotchinga fumbi kaja, ndi zotchipa koma popanda kalabalako mchenga umakanda ndodo ya shock seal n'kutha msanga.

Pochotsa sipuling'i pa shock gwiritsani ntchito spring compressor yeniyeni, ziwiri mbali iyi ndi iyo, muzimanga mosinthana pang'onopang'ono ndipo nkhope yanu isakhale kutsogolo kwa top mount. Ndaonapo anthu akumanga sipuling'i ndi waya kapena chingwe, chonde musalole zimenezo pa galimoto yanu ngakhale mmisiri atakuuzani kuti amachita tsiku lililonse, sipuling'i yopanikizidwa ikaphonyoka imathyola nsagwada.

Kutsitsa galimoto, apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa

Ndikumvetsa, Altezza yotsika imaoneka bwino kwambiri, ine ndemwe ndimatembenuka ikamadutsa. Ndipo kutsitsa pang'ono kumathandizadi chifukwa kulemera kumayandikira pansi. Koma tayala limagwira msewu pokhapokha likakhala ndi mpata wokwera ndi kutsika motsatira msewuwo, mukatsitsa kwambiri mpata uja umatha, shock imakhala itatsamira kale pa bump stop ndiye mukagunda bampu muli pakati pa kona galimoto yonse imadumpha m'malo moti tayala lokha likwere, ndipo tayala lomwe lili m'mwamba siligwira kanthu. Pa track yosalala ya ku Japan zimatheka, pa msewu wathu wa zigamba galimoto yotsika kwambiri imakhota moipa kuposa ya fakitale. Onjezani kuti ma arm amayamba kuloza m'mwamba, ball joint ija tinakamba imagwira ntchito itapendekeka, camber, kupendekeka kwa tayala mukaliona kuchokera kutsogolo, imalowa mkati matayala n'kumatha mbali imodzi.

Malire anga ndi 25 mpaka 30 mm, osapitirira. Musanagule chilichonse yezani kaye kuchokera pakati pa hub kufika m'mphepete mwa madigadi pa matayala onse anayi n'kulemba, chifukwa masipuling'i akale amakhala atafwa kale ndiye mwina galimoto yanu inatsika yokha ndi 10 kapena 15 mm. Ganiziraninso njira yanu ya tsiku ndi tsiku, mahampu a pa ma trading centre, msewu wafumbi wolowera kunyumba nthawi ya mvula, geti la kuntchito, ndi tsiku lomwe mudzanyamule anthu anayi ndi thumba la chimanga kuchokera kumudzi. Sampu yosunga oyilo pansi pa injini ikabooka pa hampu ulendo wathera pomwepo.

Njira yophweka ndi masipuling'i ngati a Eibach Pro-Kit, H&R kapena Tein omwe amatsitsa pang'ono, pamodzi ndi ma shock omwe angawakwanitse. Sipuling'i yolimba pa shock yotopa ndiye galimoto imangodumpha ngati chule. Kudula sipuling'i ndi grinder kapena kuitenthetsa ndi gasi kuti ifwe, ayi ndithu, yodula siikhalanso bwino pa mpando wake ndipo imatha kuchoka tayala likalendewera, yotenthetsa chitsulo chake chimafooka n'kudzathyoka.

Ngati mwatsimikiza za ma coilover, gulani a dzina lodziwika, Tein Flex Z yomwe ili ndi ma click 16 osinthira kulimba kwa shock kapena BC Racing BR ya ma click 30 ndi zomwe anthu a galimoto zimenezi amaika kwambiri. Aja otchipa opanda dzina a pa intaneti ndi bwino kukhala ndi KYB yatsopano kusiyana ndi amenewo, akatha simupeza wowakonza ndipo ndi mmene forex ikuvutiramu simukufuna kugula kawiri. Pogula funsani kulimba kwa masipuling'i, amalemba mu kg/mm, ngati pali mwayi wosankha tengani ofewerapo chifukwa ambiri amawapangira misewu yosalala.

Poika, msinkhu musinthire pa thupi lapansi la coilover osati pomanga sipuling'i. Sipuling'i ingomangidwa momwe pepala la wopanga lanenera, nthawi zambiri kungoti isamasewere n'kuonjezera pang'ono, anthu ena amaifinya kuti akweze galimoto kenako n'kumadandaula kuti ikugunda. Pakani girisi kapena anti-seize pa mazinga onse musanamange, mukapanda kutero pakatha dzinja limodzi matope ndi dzimbiri zimagwira ma ring omangira coilover moti simudzawatembenuzanso. Kumanja ndi kumanzere kufanane, yezani galimoto ili pansi mutaiyendetsa pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo kuti ikhazikike. Onetsetsani kuti paipi ya buleki ndi waya wa ABS zamangidwa pa malo ake ndipo sizikukokeka mukakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto. Ma click yambirani pakati, muyende, kenako muzisintha awiriawiri, ndipo musadabwe mukapeza kuti chakufewa ndi komwe galimoto ikugwira bwino, pamsewu wathu zimakhala choncho kawirikawiri.

Sway bar

Ichi ndi chitsulo chopindika chomwe chimalumikiza tayala lakumanja ndi lakumanzere, ntchito yake ndi kuchepetsa kupendama pakona. Ubwino wake ndi wakuti chimachepetsa kupendama popanda kuumitsa galimoto kwambiri pa msewu wowongoka, ndiye kwa ife ndi njira yabwino kuposa masipuling'i olimba. Cusco ndi TRD anapangapo za galimoto imeneyi. Lamulo lake ndi ili, mukalimbitsa kutsogolo galimoto imakonda kupita chowongoka mukakhota, mukalimbitsa kumbuyo matako amakonda kutuluka. Altezza imakankha ndi kumbuyo, ndiye sway bar yonenepa kumbuyo kokha pa tara wonyowa wa mvula yoyamba, uja amakhala ndi fumbi ndi mafuta, ikhoza kukutembenuzani musanadziwe. Gulani za seti imodzi kutsogolo ndi kumbuyo, ngati yakumbuyo ili ndi mabowo osinthira yambirani pa lofewa.

Chitsulo chija chopingasa pamwamba pa injini, strut bar, chisiyeni chikhale chomaliza. Pa galimoto za MacPherson strut, zomwe shock imagwiranso ntchito ya arm yapamwamba, chimamveka, pa double wishbone mphamvu zambiri za pakona zimadutsa m'ma arm ndiye kusintha kwake n'kochepa.

Alayimenti

Chilichonse chomwe mwasintha pamwambapa chimasuntha alayimenti, ndipo ntchito yonse ija ikhoza kuonongeka pa tebulo limeneli. Pitani komwe ali ndi makina a matayala onse anayi, osati kongoyeza kutsogolo ndi chingwe, chifukwa pa Altezza kumbuyo kumasinthikanso. Dzulo lake thirani mafuta omasula dzimbiri pa mabawuti a cam osinthira alayimenti, amakonda kugwirana ndi chitsulo cha mkati mwa bushi, akakana kutembenuka mmisiri amangosiya osakuuzani, ndiye imani pomwepo muziona. Tanki ikhale ndi mafuta ngati theka, mu buti musakhale katundu, mpweya ukhale wolondola.

Ngati simunatsitse, manambala a fakitale omwe ali m'makinamo pansi pa Altezza kapena IS200 ndi abwino. Ngati mukufuna kuthwa pang'ono pemphani camber ya kutsogolo pafupi ndi madigiri -1, osapitirira -1.5, toe (komwe matayala aloza mukawaona kuchokera pamwamba) ya kutsogolo pafupi ndi ziro kapena yolowa mkati pang'ono kwambiri, kumbuyo toe ikhale yolowa mkati pang'ono nthawi zonse ndipo mbali ziwiri zifanane. Toe yotuluka kunja kumbuyo ndi yoopsa, galimoto imasowa mtendere pa liwiro. Ndipo chomwe chimadya matayala msanga ndi toe yolakwika kuposa camber, ndiye mukaona mkati mwatha musathamangire kunena camber. Ngati munatsitsa mpaka ma cam akulephera kubweza camber ya kumbuyo, kwezani galimoto pang'ono kapena mugule ma arm osinthika, ine ndingasankhe kukweza. Pemphani pepala la manambala asanayambe ndi atamaliza, lisungeni mu galimoto.

Kukayesa

Sankhani msewu umodzi womwe mumaudziwa bwino ndipo muziyesera womwewo mukasintha chinthu chilichonse, chimodzi pa nthawi, apo ayi simudzadziwa chomwe chathandiza. A ku Lilongwe ambiri amaganiza za Khwekhwerere potsikira ku Golomoti, a ku Blantyre zitunda za ku Chikwawa kapena kukwera phiri la Zomba, a kumpoto Chiweta. Koma imeneyi ndi misewu ya anthu onse, kuli akabaza, ana asukulu, mbuzi, malole omwe mabuleki atentha, ndiye simukupita kukathamanga. Kusintha kwa galimoto kumamveka pa liwiro wamba, mverani ngati ikuyankha nthawi yomweyo mukangogwedeza chiwongolero, ngati ikukhazikika kamodzi pakona osavina, ngati ikubuleka mowongoka mutagwira chiwongolero mopepuka, komanso ngati tayala likukhula madigadi pa bampu. Musanatsike phiri lililonse onani mapadi ndipo ngati brake fluid yadutsa zaka ziwiri ithireni ina ya DOT 4, yakale imamwa chinyezi ndipo ikatentha pedulo imalowa pansi.

Mukayenda makilomita ngati 500 bwererani pa ma stand, yesani nati ndi bawuti iliyonse yomwe munagwira, ma ring a coilover, ma drop link, manati a matayala, yezaninso msinkhu pa makona anayi chifukwa masipuling'i atsopano amafwa pang'ono akakhazikika. Ngati wasintha ndi mamilimita angapo bwererani ku alayimenti ndi pepala lanu lija, ndipo mukamathira mpweya muzipititsa chikhatho mkati mwa tayala lililonse, mukamva mapazi akuthwa mbali imodzi ngati mano a sowo ndiye kuti toe yasuntha.